Tchuthi cha Mfumu Satopa ndi Denga la ku Matsalira

Kuli dziko lina lotchedwa Tidzaona. Musavutike kulifuna pa mapu, chifukwa komiti imene inasankhidwa kuti ikalilembetse inakumana kamodzi kokha, n'kugwirizana kuti idzakumananso. Likulu lake ndi Bweranimawa, ndipo aliyense amene anapitako kukafuna chithandizo ku maofesi a boma safunsa kumene dzinalo linachokera.

Nthawi imene ndikunenayi, pampando panali Mfumu Satopa Wachiwiri, mwana wa Satopa Woyamba. Anali munthu wathupi, wa mawu okoma, wosakwiya wamba akakhala kuti wadya. Ntchito yake yaikulu inali kumvetsera anthu akumutamanda, ndipo inu musaipeputse ntchito imeneyi. Tayesani kukhala pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, uyu akukuuzani kuti ndinu mkango, uyu kuti ndinu mvula, winayo kuti ndinu mthunzi wa amasiye, muone ngati msana suuma.

M'dzikomo munali lamulo lakale lakuti wantchito aliyense wa boma, kuyambira nduna mpaka wosesa pakhomo, asapite ku tchuthi Mfumu isanapite. Ati mchira sungagone mutu uli chilili. Lamulolo linali labwino ndithu, kungoti Satopa Wachiwiri chikhalireni pampando anali asanapiteko ku tchuthi ngakhale kamodzi. Choncho aphunzitsi, apolisi, alembi ndi madalaivala a boma anaiwala mmene kwawo kumaonekera. Sikuti ntchito inkagwirika ayi, musandimve molakwa. Anthu ankangosinzira ku ofesi m'malo mosinzira kwawo.

Komanso sikuti Mfumu sinkafuna kupita. Chaka chilichonse chilimwe chikafika, dzuwa likayamba kuswa mtengo, nyenje zikulira ngati zalembedwa ganyu, Mfumu inkavula nsapato pansi pa tebulo n'kuyamba kuusa moyo. Inkamva kuti mafumu a maiko oyandikana nawo amakapuma ku mapiri nyengo imeneyi n'kubwerako masaya ali phuliphuli. Mpaka inakhazikitsa Unduna Woona za Tchuthi cha Mfumu, wokhala ndi nyumba yakeyake, mbendera pakhomo ndi magalimoto. Chaka ndi chaka undunawo unkakonza ulendo, ndipo chaka ndi chaka mvula inkayamba zokambirana zisanathe.

Nduna yake inali a Mkwapatira, bambo woonda, wovala jekete ngakhale kutenthe bwanji, wamtima wabwino koma wamantha kuposa nkhuku ya chaka cha chitopa. Akazi awo anali Nagama, make Tiyese, mayi wosalankhula kawiri, wochokera ku dera la Matsalira. Pomutenga Nagama kwawo, a Mkwapatira analonjeza pamaso pa ankhoswe kuti chilimwe chilichonse azibwera kudzafolera nyumba ya apongozi awo ndi manja awo, popeza apongoziwo anali amasiye ndipo analibe mwana wamwamuna. Lonjezolo linamveka bwino kwambiri tsiku limenelo, mpaka amayi analuluta. Kenako kunabwera undunawo ndi lamulo lija, ndipo denga linangokhala likudikira.

Anayesapo kutumiza anyamata aganyu, koma apongozi anawabweza ulemu uli m'manja, ati iwo mwana wawo sanamupereke kwa anyamata aganyu. Anayesa kutumiza mapulasitiki, mphepo inapita nawo.

Ndiye m'mawa wina wa chilimwe chimenecho, a Mkwapatira akumwa tiyi jekete lili kale m'thupi, Nagama anakhala pansi pafupi nawo n'kulankhula modekha, ndipo kudekhako n'kumene kunawaopsa.

"Bambo a Tiyese, amayi chaka chatha mvula yonse agona chokhala, beseni lili pamutu. Chaka chino mvula ikagwa denga lija musanalifolere, ine ndipita kwa amayi, ndikatsala komweko. Mukwatire unduna wanuwo, uzikuphikirani."

A Mkwapatira anayamba kufotokoza za lamulo, za Mfumu, za zokambirana zimene zinali zitafika pabwino. Nagama anangotenga kapu m'manja mwawo, tiyi adakalimo, n'kupita nayo kotsuka. Bamboyo ankawadziwa akazi ake. Anadziwa kuti chaka chino kapena Mfumu ipite ku tchuthi, kapena banja latha, ndipo iwo ankamukonda Nagama zenizeni, ngakhale kuti mawu amenewo anali asanawatulutsepo pakamwa.

Tsiku lomwelo anaitanitsa Bwalo la Nduna. Nkhani yoyamba inali ya chaka chilichonse: kodi munthu wotchedwa Satopa angapume bwanji popanda adani kunena kuti watopa? Pa nkhaniyi nduna zinkakonda kutherapo masabata, chifukwa bwalo likakhala kumabwera zakudya. Koma ulendo uno a Mkwapatira anali atawanyengerera a Kamtedza, nduna ya malamulo, bambo wamfupi wa dazi lonyezimira amene ankatha kutsimikiza kuti bulu ndi kavalo wosauka chabe. A Kamtedza anaimirira n'kulongosola kuti Mfumu sipuma chifukwa chotopa, koma imapuma mwachifundo, pofuna kuonetsa anthu otopa mmene kupuma kumachitikira. Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhatho kufiira, ndipo Mfumu inapukuta kamsozi poona kudzipereka kwake komwe.

Inatsala nkhani yachiwiri, ya kumene Mfumu ikapumire. Apa ndiye panali fupa, ndipo kuti mumvetse ndikubwezeni kumbuyo pang'ono.

Tchuthi chomaliza cha ufumu m'dzikomo chinali cha Satopa Woyamba, amene anakapuma ku dera lotchedwa Mwanaalirenji. Kunali mbuzi kumeneko, nthochi zopsera mumtengo, nkhuku zoikira paliponse. Mfumuyo sinapite yokha. Inapita ndi nduna, akazi a nduna, alamu a nduna, asilikali, oimba, ndi ena amene mpaka lero palibe akudziwa kuti anali ndani. Anadya mbuzi, anadya nkhuku, anadya chimanga cha mbewu, mitengo n'kuidula ya nkhuni zootchera nyamayo. Atachoka, eni dera anayang'ana uku ndi uku n'kugwirizana kuti dzina lija silikuyeneranso. Kuyambira pamenepo deralo limatchedwa Matsalira, kwawo kwa Nagama kuja.

Madera ena onse anaona ndipo anaphunzira. Kotero mphekesera itangomveka kuti chaka chino ulendo ulipodi, nthumwi zinayamba kufika ku nyumba yachifumu, aliyense kudzanyoza kwawo.

Oyamba anali a ku Kwazizira, dera la mapiri kumene mphepo imakoma ngati madzi a mumtsuko. Mtsogoleri wawo anagwada, n'kunena kuti palibe chimene akanakondwera nacho kuposa kulandira mwini dziko, koma mwatsoka mphepo ija inasamuka chaka chatha osatsazika. Ati tsopano kukutentha moti abuluzi akuyenda chotsimphina. Anaonjezera kuti mlatho wolowera kwawo wathyoka, ndipo zimenezi zinali zoona, chifukwa matabwa ake anali atawazula okha dzulo lake n'kuwasunga bwinobwino kuseri kwa tchalitchi.

A ku Chamathithi anati mathithi awo otchuka aja akudwala, akungodontha ngati mphuno ya chimfine, ndipo udzudzu wa kumeneko wafika pokweza wokha neti n'kuitana anzake. A ku Mkakawambiri, osafuna kutsalira, anati ng'ombe zawo zonse zinalowa mpingo wina wosala kudya, moti munthu wachifundo sangaziyang'ane kawiri. Nthumwi ina inafika mpaka polira misozi yeniyeni ponena kuti anthu a kwawo ndi amwano, akuba, osasamba, ndipo anzake amene inabwera nawo ankagwedeza mitu monyadira.

Ku msika waukulu wa Bweranimawa nkhani inali yomweyo. Ometa, osoka nsapato ndi ogulitsa kaunjika ankangofunsana kuti dzombe chaka chino litera kuti. Nanyoni, mayi wogulitsa thobwa amene pakamwa pake ankapaopa ngakhale apolisi, ankati akuluakulu sananame kuti mlendo ndi mame, kungoti mame a ku nyumba yachifumu akakamuka amasiya khola lili pululu. Wina atamufunsa kuti iye angakonde Mfumu ikapumire kuti, anati kwawo kwa mkazi mnzake.

Nthumwi zitatha, Mfumu inaika dzanja patsaya. Inafunsa ngati dziko lake lonse laipadi chonchi, ndipo nduna zinayang'ana pansi, chifukwa kuvomera kunali kunyoza ufumu ndipo kukana kunali kuitanira dzombe kwanu. A Mkwapatira thukuta linali kamukamu. Kumwamba kunali kudakali mbee, koma iwo m'mutu mwawo munali kugunda kale mabingu.

Apa a Kamtedza anakweza chala. Anati pali dera limodzi limene silinatumize munthu, ndipo mwa nzeru za malamulo, amene wakhala chete ndiye kuti akubisa zabwino. Deralo linali Matsalira. Zoona zake n'zakuti a ku Matsalira sanatumize munthu chifukwa analibe chodera nkhawa, poti wopanda mbuzi fisi samusowetsa tulo. Koma Mfumu itauzidwa kuti ndi kuja kunkatchedwa Mwanaalirenji, nkhope yake inawala. Inali kamnyamata pa ulendo wa bambo ake uja, ndipo inkakumbukira nyama yosatha, nthochi zosatha, utsi wonunkhira tsiku lonse. Kuti zinthuzo zinatha, ndiponso kuti zinathera m'mimba mwa ndani, palibe amene anali ataiuzapo.

Inatembenukira kwa a Mkwapatira. "Inu munakwatira kumeneko. Kodi kukadali ngati kale?"

A Mkwapatira anawerengera mumtima. Akanena zoona, ulendo wafa, ndipo Nagama wapita. Anaona denga lija m'maso mwawo, anaona kapu ya tiyi ikuchoka m'manja.

"Wawa, anthu ake akadali omwe aja, osadziwa kukana mlendo."

Sananame bamboyo, koma zoona anazisiya panja ngati nsapato zamatope. Mfumu inaomba m'manja, n'kulamula kuti ulendo ndi wa ku Matsalira, ndipo nthumwi za ku Kwazizira zinathamanga kukabwezera matabwa pa mlatho.

Madzulo a Mkwapatira anafika kunyumba akumwetulira ngati mlenje amene wapha, n'kuuza Nagama kuti zatheka, akupita kwawo. Nagama atamva kuti akupita ndi ndani, anaika manja m'chiuno, n'kuwayang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tayi.

"Ine ndinati mubwere inu. Sindinati mubwere ndi dziko lonse."

Komabe mawu ake sanasinthe, denga lifoleredwe mvula isanagwe, enawo ndi a iwo eni. M'mawa mwake Nagama anakwera basi kutsogola, ndipo atafika anayamba kumweta udzu, kuumanga m'mitolo ndi kunyika luzi, kuti munthu asadzapeze chonamizira.

Ku likulu, zokonzekera zinali zoti mukanaona. Panali lole yonyamula mpando wachifumu, lole ya oimba matamando, lole ya akazi a nduna, ndi lole ina yonyamula matumba opanda kanthu, miphika yopanda kanthu ndi zingwe zomangira mbuzi zimene akapatsidwe pobwerera. Mlembi wina wamng'ono anafunsa ngati sikungakhale bwino kutengako kaufa ndi kanyemba. A Kamtedza anamudzudzula pamaso pa anthu, ati kunyamula kamba popita kwa eni mudzi ndi kuwanyoza, kuli ngati kuwauza kuti ndi osauka. Lamulo linatuluka tsiku lomwelo loti aliyense wopezeka ndi chakudya pa ulendowo, ngakhale nthochi m'thumba, ndi mdani wa chikhalidwe. Ananyamuka mimba zili pululu, dala, kuti malo akakwane.

A ku Matsalira anawalandira ndi manja awiri, abale inu. Ng'oma zinalira, amayi analuluta, ana anathamangira magalimoto fumbi lili koboo. Palibe amene anabisa kanthu chifukwa panalibe chobisa. Alendo anakhazikidwa pa mphasa, n'kupatsidwa madzi ozizira a pachitsime, malambe, ndi mango osapsa othira kamchere. Nduna zinatafuna mwaulemu, maso ali ku makola, zikuganiza kuti izi n'zotsegulira m'mimba chabe. Makolawo analipo ndithu, oyera bwino, ana akuseweramo.

Apongozi a a Mkwapatira, mayi wachikulire wamng'ono thupi, woyenda ndi ndodo, anali ndi nkhuku imodzi yokha ya thadzi. Popanda wowauza anaigwira, n'kuipereka kuti Mfumu ilawe, ati mlendo sagona ndi njala pakhomo pawo. Mfumu inadya yokha mpaka kuphwanya mafupa, n'kunena kuti kukoma kwake ndi komwe kuja kwa kale. Nagama anaona nthenga za nkhukuyo zikuuluka pabwalo ndipo mtima unamuwawa kwambiri.

Kutacha, kunachitika chodabwitsa chimene olemba mbiri ya Tidzaona akukanganabe nacho. Nduna zinayamba kukumbukira ntchito. Ya misewu inagwada pamaso pa Mfumu n'kunena kuti mtima wake sukukhazikika poganizira maenje a mumsewu waukulu. Ya zaumoyo inakumbukira kuti m'zipatala mulibe mankhwala, nkhani imene inali itaiwalika chiyambireni ufumu. Ya maphunziro inangoti ana, ana, ana, ikukwera kale galimoto. Oimba matamando anayesa kuyamba nyimbo, koma njala inawalanda mawu, nawonso anapempha kuti akaone odwala kwawo. Pofika masana, pabwalo panatsala Mfumu, a Kamtedza, a Mkwapatira, asilikali ochepa ndi madalaivala.

Ndiye kunagwa bata limene Satopa Wachiwiri anali asanalimvepo chibadwire. Palibe womutcha mkango, palibe womutcha mvula. M'mudzi monse mtengo waukulu unali umodzi wokha, wa mango, umene nkhwangwa za ulendo woyamba uja zinaulephera, ndipo unali pakhomo pa apongozi a a Mkwapatira. Anaiyalira mphasa pamenepo. Mfumu inavula nsapato, inatambasula miyendo, inayasamula, ndipo posakhalitsa inali kuliza mkonono womveka mpaka ku chitsime.

A Mkwapatira anatsala pang'ono kuvina. Mfumu yapuma, lamulo lakwaniritsidwa, tsopano wantchito aliyense ndi womasuka. Anayamba kumasula tayi maso ali pa mitolo ya udzu. Koma a Kamtedza, amene njala inali itawanola nzeru, anakwera pa chulu n'kulengeza monong'ona, kuti asadzutse Mfumu, kuti popeza mutu wagona, mchira nawonso uyenera kugona. Kuyambira nthawi imeneyo mpaka tchuthi cha Mfumu chitatha, aliyense m'dziko la Tidzaona apume mokakamizidwa. Wogwira khasu, nkhwangwa, singano, ngakhale tsache, ndiye kuti akuuza Mfumu kuti ndi yaulesi, ndipo adzaona chimene chinameta nkhanga mpala.

Mwaona nzeru zake? Zaka zonsezi munthu sankaloledwa kupuma, lero sakuloledwa kugwira ntchito, ndipo denga ndi lomwe lija.

A Mkwapatira anabwezera tayi m'khosi n'kukhala pa mpando, manja pa mawondo, kupuma monga mwa lamulo. Tsiku limenelo linadutsa, linzake linadutsa. Mfumu inkadzuka, kudya zimene anthu asonkha, n'kugonanso, ndipo itafunsidwa kuti tchuthi chitha liti inati tidzaona. Kenako masana ena mphepo inatembenuka. Nyerere zinayamba kusamutsa mazira, kum'mawa kunada bii, ndipo patali kunamveka kugunda kumene mlimi aliyense amakudziwa.

Nagama sanakalipe, sanalire, sanawayang'ane n'komwe amuna ake. Anatuluka m'nyumba, anatenga makwerero n'kuwatsamiritsa pa khoma, anamanga chitenje mwamphamvu m'chiuno, n'kusenza mtolo wa udzu. Anaponda pa khwerero loyamba. Amayi a m'mudzimo amene anali pa makonde anagwira pakamwa, chifukwa kumeneko mkazi kukwera padenga mwamuna wake ali pompo atakhala pa mpando, ndiye kuti wauza mudzi wonse kuti m'nyumba mwake mulibe mwamuna. Apongozi anatembenuzira nkhope ku khoma.

A Mkwapatira anayang'ana Mfumu ili m'tulo, anayang'ana a Kamtedza, anayang'ana phazi la Nagama pa khwerero lachiwiri. Mantha anali nawo, sindikufuna kuwakometsera. Koma anaimirira, anavula jekete lija limene anthu ena ankaganiza kuti anabadwa nalo, n'kulikoleka pa nthambi ya mango. Anagwira Nagama pa mkono mwaulemu kuti atsike, n'kukwera iwo.

Poyamba manja anali ataiwala, koma munthu amene anakulira m'mudzi luzi silimusokoneza nthawi yaitali. Anakanganula udzu wovunda n'kuuponya pansi, Nagama akuwaponyera watsopano. A Kamtedza ankadumphadumpha pansi akukalipa monong'ona. Kenako mphepo inanyamula chiphuthu cha udzu wakale, wa mwaye ndi zitosi za makoswe, n'kukachitula pa mimba yachifumu.

Mfumu inadzuka ikuyetsemula. Itakweza maso inaona nduna yake ili padenga, malaya ali bii, luzi lili kukamwa.

"A Mkwapatira, simukudziwa kuti dziko lonse lili pa tchuthi?"

"Ndikudziwa, Wawa. Ndinakonza ndine."

"Nanga mukutani kumeneko?"

"Ndikufolera nyumba ya apongozi anga, Wawa. Lamulo lija mvula sinauzidwe."

A Kamtedza sanachedwe. Anati mlandu wotere chilango chake ndi chachikulu kuposa zonse m'dziko la Tidzaona, choposa ndende: wolakwa achotsedwe pa udindo, alandidwe jekete la boma, ndipo asadzapondenso ku Bweranimawa kapena kuona nkhope ya Mfumu moyo wake wonse, atsale pamalo pomwe walakwirapo. Pomva zimenezi a Mkwapatira ali padengapo anafufuza m'mtima mwawo kuti apeze chisoni, koma sanachipeze.

Vuto linali lakuti Mfumu inali itagona bwino, ndipo mtima wake unali wofewa ngati papaya. Inayamba kunena kuti munthuyu watumikira zaka zambiri, mwina angokhululukidwa, atsike, avale jekete lake, abwerere nawo ku likulu akayambe kukonza tchuthi cha chaka chamawa. A Mkwapatira mtima unangoti myuu. Denga linali lisanafike ndi theka lomwe.

Apa Nagama anatula mtolo wa udzu, n'kukagwada patsogolo pa mphasa ya Mfumu, manja ali pamodzi.

"Wawa, ine ndine mkazi wa wolakwayu, ndipo mtima ukundipweteka. Koma mukamukhululukira, mawa aliyense azigwira ntchito mmene wafunira. Lamulo likhale lamulo, Wawa."

Mfumu inagwidwa ndi chisoni poona mayi wokonda dziko lake kuposa mwamuna wake. Inati mzimayi wotere ndi wosowa, ndipo mawu akunjenjemera inagamula kuti chilango chikhale chomwecho. A Kamtedza anakayanula jekete pa mango n'kulipinda mwaukali.

Koma chigamulocho anachimvanso asilikali ndi madalaivala aja, anthu amene anali asanapumeko chilembedwere ntchito. Anayang'anizana. Msilikali wina wamtali anatsamiritsa mfuti pa mtengo, n'kupita pa nyumba yoyandikana nayo kukafunsa mwaulemu ngati ali ndi makwerero. Mnzake anatsatira. Posakhalitsa madenga a m'mudzimo anali ndi anthu a yunifolomu, aliyense akugwira ntchito moonekera bwino, akutsokomola dala kuti Mfumu imuone. Mfumu inkagamula, a Kamtedza akulanda zipewa, mpaka a Kamtedzawo anazindikira kuti watsala dalaivala mmodzi yekha, nayenso phazi lili kale pa makwerero. Anamugwira mwendo n'kumukokera ku galimoto, dalaivalayo akulira.

Mfumu ndi a Kamtedza ananyamuka madontho oyamba akugwa, kuopa kuti msewu ungaduke. Ku likulu kunalengezedwa kuti tchuthi chayenda bwino koposa, ndipo adani a kupuma agwidwa ndi kulangidwa koopsa. Nanyoni wa thobwa atamva za chilangocho anafunsa ngati ku nyumba yachifumu kuli denga lodontha, ati iye makwerero ali nawo.

Ku Matsalira, a Mkwapatira anamanga luzi lomaliza mvula itayamba kale kuwamenya pamsana. Anatsika ali chinyowere, manja atachita matuza, n'kukhala pa khonde akunjenjemera. Nagama anawafunditsa chitenje chake, n'kuwapatsa kapu ya madzi otentha othira masamba a mandimu, ndipo ulendo uno sanailande. Mvula inakhuthuka ngati ili ndi mangawa, koma m'nyumba munali gwa, ndipo beseni lija linali panja likudzaza madzi ochapira.

Apongozi anazungulira m'nyumbamo ndi ndodo yawo, maso ali kudenga, kona ndi kona. Mwa mwambo wa kumeneko sakanalankhula ndi mkamwini maso ndi maso, choncho anaima pakhomo n'kulankhula ndi mwana wawo, mokweza pang'ono kuti a pakhonde amve.

"Nagama, uwauze bambowo kuti cha ku mutu kwa bedi kukudontha pang'ono. Koma asakwere lero ayi. Atopa. Apume."